Ntchito Zimene Munagwirapo: Ziti Zolemba pa CV, Ziti Zosiya

 Lero pawailesi pano ticheze za CV, pepala lija limatsagana ndi kalata yofunsira ntchito. Sindikamba za pepala lonse ayi. Ndikamba za gawo limodzi, pamene munthu amalembapo ntchito zimene anagwirapo kale, chifukwa ambiri amagwera pamenepo osadziwa n'komwe, nkumangodabwa kuti bwanji foni yawo siikulira.

Tsegulani nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, mupite pamasamba olengeza ntchito. Pafupifupi chilengezo chilichonse chimafunsa zinthu ziwiri: maphunziro, ndi zaka zimene munthu wagwirapo ntchito yogwirizana ndi imene akulengezayo. Za maphunziro n'zosavuta, MSCE muli nayo kapena mulibe, dipuloma muli nayo kapena mulibe. Koma pa za ntchito pamafunika nzeru, poti munthu ayenera kusankha yekha choti anene, choti ayambe nacho, ndi choti asiye.

Tayambani mwaganizira munthu amene amalandira makalata athuwa. Malo ndi amodzi, a kalaliki mmodzi, koma maenvelopu a khaki adzaza tebulo mpaka ena ali m'katoni pansi. Pambali pake ali ndi pepala limene walembapo zofunika zija zinali m'chilengezo. Akatsegula envelopu sawerenga ngati mmene timawerengera kalata yochokera kumudzi. Amafufuza. Kodi uyu anasungapo katundu? Anagwirapo ndalama? Zaka zingati? Akapeza msanga, amachonga, pepala lanu nkupita pamulu wa oti aitanidwe ku intavyu. Akapanda kupeza msanga, amaliika pamulu winawo, ndipo sabwererakonso. Si kuti ndi wankhanza. Maenvelopu ena akumudikira. Ndiye chimene inu munachitadi koma simunachionetse bwino, kwa iye chili ngati simunachichite.

Pali anthu amene amalemba zonse. Tiyerekeze bambo amene wakhala akugwira ntchito zaka 15. Anayamba ngati mlonda, kenako anagulitsa m'shopu ya zitsulo, anayendetsa lole zaka zisanu ndi chimodzi, anakakhalako ku Joni, pano akuyendetsa takisi ya mwini wake. Waona kuti bungwe lina likufuna dalaivala. CV yake ndi masamba asanu ndi limodzi, ndipo yayambira kusukulu ya pulaimale. Ulonda waufotokoza theka la tsamba, mpaka mayina a mageti. Zaka zake za pa lole, zimene ndi chuma chake chenicheni pa ntchito imeneyi, zabisala patsamba lachinayi, mizere iwiri basi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bambo ameneyu wafuna kuonetsa zonse, ndipo chimene akanapambana nacho chakwiririka.

Akanatani? Akanaika uyendetsi pamwamba, nkuufotokoza mokwanira. Laisensi yake ndi ya gulu liti, ndipo itha liti. Anayendetsapo magalimoto anji, lole ya matani angati, Land Cruiser kapena minibasi. Misewu iti, poti kuyendetsa pa M1 kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu n'kosiyana ndi kulowa m'misewu yafumbi ya ku Nsanje kapena ku Chitipa nthawi ya dzinja, ndipo bungwe limene limagwira ntchito kumidzi likufuna kumva zimenezo. Ankalemba buku la maulendo ndi mafuta? Amatha kuona oyilo, madzi ndi mabuleki asananyamuke, kusintha tayala, kukonza tizovuta ting'onoting'ono panjira? Ngati wayenda zaka zonsezo osachita ngozi, alembe. Ulonda ndi shopu ya zitsulo zikhale mmunsi, mzere umodzi umodzi, kuti pasaoneke zaka zosowa. Masamba awiri akwana.

Kalembedwe ka gawo limeneli n'kodziwika ndipo sinditayapo nthawi. Mumayamba ndi ntchito yaposachedwa nkumabwerera m'mbuyo. Pa iliyonse mumatchula udindo wanu, dzina la kampani kapena bungwe, malo ake, mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi chimene munasiya. Ngati ntchito yogwirizana kwambiri ndi imene mukufunsirayo si yaposachedwa, pangani mitu iwiri, woyamba wa ntchito zogwirizana, wachiwiri wa zina zonse. Palibe lamulo loletsa zimenezo.

Chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi zimene mumalemba pansi pa udindowo. Ambiri amangokopera ntchito za udindo monga zinalembedwera pa kalata yowalemba ntchito: kusunga katundu, kuthandiza makasitomala, kugwira ntchito zina zimene bwana wanena. Mawu amenewa aliyense amene anakhalapo pampando umenewo angathe kuwalemba, wakhama ndi waulesi yemwe. Sakunena kanthu za inu. Nenani chimene inuyo munachita, ndipo pamene pali nambala, iikeni. Osangoti ndinkasunga katundu. Nenani kuti ndinkasunga buku la sitoko la mitundu 300 ya katundu, ndinkawerenga sitoko mwezi uliwonse nkufananitsa ndi malisiti, ndipo ndinayambitsa kulemba katundu yense wotuluka asanakwezedwe pagalimoto. Osangoti ndinkaphunzitsa. Nenani kuti ndinkaphunzitsa masamu Fomu 3 ndi Fomu 4, makalasi a ana 70, ndipo ndinakonzekeretsa magulu awiri mayeso a MANEB. Osangoti ndinkayang'anira anthu. Anthu angati? Pa ntchito yanji? Kwa nthawi yaitali bwanji? Nambala imathandiza wowerenga kuona kukula kwa katundu amene munasenza. Koma ikhale nambala yoona, imene mungaibwereze mawa mutafunsidwa modzidzimutsa.

CV kwathu kuno timalemba m'Chingerezi, ndipo ena amaopa pamenepo nkuyamba kusaka mawu akuluakulu. Musavutike. Chingerezi chachidule, mizere yaifupi, uliwonse woyamba ndi chimene munachita. Ndipo werengani chilengezo kawiri katatu muli ndi cholembera m'manja, mudule mzere pansi pa chilichonse chimene akufuna. Ngati anena kuti akufuna wodziwa Excel, ndipo inu munkalemba malipoti a mwezi pa Excel, litchuleni dzinalo, musangoti ndimadziwa kompyuta. Mabungwe ena akuluakulu, makamaka akunja amene amalandira makalata pa intaneti, amayamba asefa ndi makina munthu asanawerenge, ndipo makinawo amasaka mawu omwewo a m'chilengezo.

Tsopano ndifike kwa anthu amene amandikhudza kwambiri, amene amalemba kuti palibe. Mnyamata kapena mtsikana wamaliza ku MUBAS, ku LUANAR, ku Mzuni, ku Chanco, kapena ali ndi MSCE yake yabwino, wakhala zaka zitatu akusaka ntchito, ndipo akafika pagawo limeneli amasiya mpata, kapena kungolemba kuti sanagwirepo. Ukamufunsa kuti nanga zaka zitatuzi mwadya chiyani, amayankha kuti, aa, timaganyu basi. Ukafunsitsa za timaganyuto, umapeza kuti munthuyu wagwira ntchito zambiri, zina zolemera kuposa za muofesi. Vuto ndi lakuti tinakula tikuganiza kuti ntchito ndi yokhayo ya tayi, ya malipiro a pamwezi ndi penshoni. China chilichonse timachiyesa chongodikirira.

Taganizani. Mu 2017, pamene National Registration Bureau inkalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, amene ankayenda ndi makina aja m'midzi, kujambula anthu ndi kutenga zidindo za zala, ambiri anali achinyamata olembedwa kwa miyezi yochepa. Mu 2018 kunali kalembera wa anthu ndi nyumba, ndipo owerenga ankalowa khomo ndi khomo ndi tabuleti m'manja. Pa zisankho za 2019, 2020 ndi 2025, bungwe la MEC linagwiritsa ntchito anthu ochuluka polembetsa ovota ndi m'malo oponyera voti. Ngati munali mmodzi wa amenewa, ndiye kuti munaphunzitsidwa, munasamala zipangizo zodula, munafunsa mafunso anthu osawadziwa, ena okwiya ena okayikira, munalemba mayankho molondola, nkutumiza pa nthawi yake. Lero bungwe lofufuza likalengeza kuti likufuna otolera mayankho m'midzi ya ku Zomba kapena ku Mchinji, limafuna zimenezi ndendende. Nanga mukusiyiranji mpata?

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola anthu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, panali achinyamata amene anadzipereka m'misasa, ena kudzera ku Red Cross, ena kumipingo ndi kumizikiti. Ankalemba mayina a mabanja, kugawa ufa ndi zofunda, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kuyang'anira ukhondo wa zimbudzi pamene kolera inali itavuta kale. Sanalandire malipiro, n'zoona. Koma amene analemba kaundula wa mabanja 200 pamsasa nkugawa chakudya popanda chipwirikiti wachita chinthu chimene digiri yokha siphunzitsa. Alembe kuti anali wongodzipereka, atchule msasa, miyezi yake, ndi zimene ankachita tsiku ndi tsiku.

Nditenge chitsanzo china chimene timachiona pa ngodya iliyonse. Mtsikana wakhala zaka ziwiri m'kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba pa Ndirande kapena pa Area 25. Iye amati ndimangokhala pa ambulera. Koma m'mawa uliwonse amalandira float, tsiku lonse akulandira ndi kupereka ndalama, amayang'ana chiphaso cha kasitomala, amazindikira ndalama yachinyengo ndi uthenga wabodza wa akuba aja, amatonthoza mayi amene watumiza ndalama ku nambala yolakwika nkumuthandiza kuimba kukampani, ndipo madzulo amawerengera kuti za m'foni ndi za m'thumba zigwirizane asanapereke kwa mwini wake. Kodi wogwira pa kauntala ya banki kapena pa thilu ya sitolo yaikulu amachita chiyani choposa pamenepa? Mtsikana ameneyu akalemba kuti ankathandiza anthu pafupifupi 80 patsiku, nkumatseka buku madzulo alionse popanda kuperewera, wolemba ntchito wanzeru adzaima kaye pa pepala lake.

N'chimodzimodzi mlembi wa banki m'khonde amene wasunga buku la masheya ndi ngongole za anthu 25 mpaka tsiku logawana popanda mkangano. N'chimodzimodzi msungichuma wa kumpingo, wophunzitsa ana kumadrasa, mphunzitsi wothandizira pasukulu ya boma kapena wa pasukulu yapulaiveti, kalaliki wa nyengo ya fodya ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Limbe, woyeza masamba a tiyi ku Thyolo, ndi mnyamata amene makolo anamusiyira golosale kapena dimba la mthirira, iye nkumalemba aganyu, kugula feteleza ndi kusaka msika wa tomato. Atachimenti imene munachita muli kukoleji ndi ntchito. Pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maunduna ndi m'makhonsolo, imene inayamba mu 2018, ndi ntchito. Musangolemba kuti ndinali intern ku khonsolo yakuti. Munali mu dipatimenti iti? Munakhudza mafayilo anji? Ndi malipoti ati amene anatuluka ndi dzanja lanu?

Koma apa ndichenjeze, kuti tisachoke kwa olemba palibe nkukagwera kwa olemba zonse aja. Muyeso ndi womwewo: kodi ichi chikuyankha chimene akufuna? Ngati mukufunsira ntchito yowerengera ndalama, usungichuma wa kumpingo ulowe, koma zoti mumaimba kwaya zisiyeni. Ngati mukufunsira ntchito yoyendetsa gulu la achinyamata, utsogoleri wa kwaya uja, wosonkhanitsa anthu 40 kawiri pa sabata ndi kukonza maulendo, ndiwo ukhale pamwamba, usungichuma nkutsika. Munthu ndi mmodzi yemweyo, mbiri ndi yomweyo, koma mapepala ndi awiri osiyana.

Ndipo apa ndi pamene ndimatsutsana ndi chizolowezi chathu chotayipitsa CV imodzi, kuichita fotokope kambirimbiri, nkumaimwaza paliponse pamene pamveka mphekesera ya ntchito. Ndikudziwa chifukwa chake. Kutayipitsa ndi ndalama, kusindikiza ndi ndalama, envelopu ndi minibasi yokasiya kalatayo ndi ndalamanso, ndipo munthu wosagwira ntchito ndalama zimenezo amachita kupempha. Koma werengerani bwino. Makalata makumi awiri ofanana amene sakuyankha funso la aliyense amadya ndalama zambiri kuposa makalata asanu okonzedwa molingana ndi chilengezo. Khalani ndi CV yaikulu imodzi, imene muli zonse zimene munagwirapo, muisunge pa imelo, pafoni kapena pa fulashi. Imeneyo simutumiza kwa aliyense. Ntchito ikatuluka, mumatapamo zogwirizana nazo nkupanga yaifupi. Ndi ntchito ya ola limodzi.

Ndilankhuleko ndi abale athu obwera ku Joni. Ambiri mukabwerera mumachita manyazi kutchula zimene munkachita ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, poti munkagwira m'munda wa maluwa, m'khitchini ya lesitilanti, kapena pa zomangamanga. Manyazi a chiyani? Amene waika matailosi zaka zinayi, amene waphika m'khitchini yodyetsa anthu mazana patsiku, amene wasamalira nkhalamba pakhomo la eni, ali ndi luso limene mahotela a ku Mangochi ndi makontilakitala a ku Lilongwe akulisowa. Lembani malo, zaka, ndi mtundu wa ntchito. Ngati bwana wanu wakale mukadali naye pa WhatsApp, mupempheni kakalata kakafupi. Amisiri amene munaphunzira ntchito pagalaji kapena pa shedi ya ukalipentala, osapita ku Soche kapena ku Lilongwe Technical College, tchulani amene anakuphunzitsani, zaka zimene munakhala pansi pake, mitundu ya injini kapena mipando imene mumapanga, ndipo sungani zithunzi za ntchito zanu pafoni. Pitaninso ku ofesi ya TEVETA mukafunse njira yoyesedwera luso lanu kuti mukhale ndi pepala, chifukwa makampani ambiri amafuna dzanja ndi satifiketi pamodzi.

Nanga amayi amene munaima ntchito zaka zingapo kulera ana kapena kudwazika kholo? Musabise zakazo posintha madeti. Mzere umodzi wonena kuti kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti ndinali kusamalira banja ndi wokwanira. Ngati m'zaka zimenezo munkachita geni, munkasoka, kapena munali m'komiti ya sukulu, ndipo zikugwirizana ndi ntchito imene mukufuna, zilembeni. Mpata wosafotokozedwa umadzutsa mafunso ambiri kuposa mpata wofotokozedwa.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya chilungamo, ndipo apa sindinyengerera. Kufotokoza bwino ntchito imene munagwira ndi nzeru. Kudzipatsa udindo umene simunakhalepo ndi bodza. Ngati munali wothandizira, lembani wothandizira. Ngati munakhala miyezi isanu, musaitambasule ikhale zaka ziwiri pofuna kukwanitsa zimene chilengezo chanena. Dziko lathu ndi laling'ono. Woona za antchito wa ku Lilongwe anaphunzira limodzi ndi mnzake wa ku Blantyre, ndipo foni imodzi yokha imakwana kuti zonse zidziwike. Ngakhale asaimbe, pa intavyu adzakufunsani kuti tafotokozani mmene munkatsekera mabuku a mwezi, kapena munatani tsiku limene sitoko inaperewera. Amene anachitadi amayankha mosavuta, mpaka kukumbukira dzina la fomu imene ankadzaza. Amene anangolemba amayamba kuyang'ana kudenga. Ndipo kupanga kalata yachinyengo yokhala ndi chidindo cha kampani ndi mlandu wa kupolisi. Ungakupezeni ngakhale mutagwira kale zaka, nkukuchotsetsani ntchito mwamanyazi pamaso pa ana anu.

Palinso malire a zimene mungaulule. Pofuna kuonetsa kuti munagwira ntchito yaikulu, musatchule zinsinsi za kumene munachoka, monga mayina a odwala, ngongole za makasitomala kapena mitengo imene kampani inkagulira katundu. Wolemba ntchito akaona zimenezo amadziwa kuti mawa mudzaulula zakenso. Chifukwa chimene munachokera musachilembe pa CV, makamaka ngati munasiyana mokangana. Akafuna adzafunsa pakamwa.

Umboni wa ntchito muziutolera mukadali pomwepo. Ambiri sadziwa kuti lamulo la za ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limanena kuti ntchito ikatha, wogwira ntchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yosonyeza dzina la kampani, nthawi imene wagwira ndi udindo umene anali nawo. Ndi ufulu wanu, osati chifundo cha bwana. Pemphani musanatuluke pageti. Mapulojekiti a mabungwe amatha, ofesi nkutsekedwa, amene ankakuyang'anirani nkusamukira ku Lusaka kapena ku Nairobi, nambala nkusintha. Mukadzafuna kalatayo patapita zaka zitatu mudzapeza panyumba paja pali sukulu ya mkaka. Sungani makontilakiti, makalata okuitanani ku maphunziro, ngakhale kachiphaso kaja munkavala pakhosi. Ndipo khalani ndi kope limodzi lolembamo, miyezi ingapo iliyonse, zimene mwachita ndi manambala ake, poti mutu umaiwala.

Anthu okuchitirani umboni, aja mumawalemba kumapeto kwa CV, akhale amene anakuonani mukugwira ntchito zimene mwatchulazo. Malume anu, ngakhale ali ndi udindo waukulu ku Capital Hill, sangayankhe funso lakuti kodi ameneyu amafika nthawi yanji pantchito. Mwini benchi ya Mpamba uja angayankhe. Sisitala woyang'anira wodi imene munachitira atachimenti angayankhe. Apempheni kaye musanalembe mayina awo, auzeni ntchito imene mukufunsira, ndipo onetsetsani kuti nambala yawo ikugwira.

Ndikudziwa kuti wina akumvetsera uku akupukusa mutu. Akuti, inu a pawailesi, zonsezi n'zabwino, koma ntchito masiku ano ndi kudziwana, wolembedwa amakhala atadziwika kale chilengezo chisanatuluke. Sindikutsutsani. Zimachitika, ndipo zimapweteka, makamaka kwa mwana wa mlimi amene alibe womudziwa m'tauni. Ndiponso CV yabwino siibala ntchito pamene ntchito palibe. Achinyamata omaliza sukulu chaka chilichonse ndi ochuluka kuposa malo amene alipo, ndipo limenelo ndi vuto la chuma cha dziko, osati la kalembedwe kanu. Koma si malo onse amene ndi ogulitsidwa. Alipo mabwana amene atopa ndi achibale osagwira ntchito ndipo akufunadi munthu wodziwa. Alipo mabungwe amene amachonga mapepala motsata ndondomeko chifukwa nawonso amafunsidwa ndi amene amawapatsa ndalama. Pamene mpikisano uli wachilungamo, ndikufuna pepala lanu likhale lokonzeka. Ndipo wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu olemba anthu ntchito, eni makampani, akuluakulu a mabungwe ndi a m'maboma. Mukalengeza ntchito ya poyambira, ya kalaliki kapena wolandira alendo, nkunena kuti mukufuna zaka zisanu, mukufuna kuti mwana wongomaliza kumene azitenge kuti? Funsani zimene ntchitoyo ikufunadi. Mukawerenga kuti wina anali pa benchi ya Airtel Money, kapena anadzipereka pamsasa wa Freddy, musanyoze, muitaneni mumumve. Ana amene amabwera kwa inu pa atachimenti musawasandutse ogula chipisi ndi ophika tiyi miyezi itatu yonse. Apatseni fayilo, akhale nawo pamsonkhano, alakwitse muwakonze, kuti potuluka akhale ndi choti alembe. Ndipo tsiku lawo lomaliza likafika, musawauze kuti abwere sabata ya mawa. Alembereni kalata yawo, musayine, mudinde, apite nayo m'manja.